Ndinafunsa "ine kapena iye?", anayankha "inde"

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimasoka zovala pakhonde. Bambo akunyumba anabwerera kusukulu kukaphunzira za makompyuta. Ndinasangalala, ndimvekere foni yanga yapeza dokotala. Ayi ndithu, kompyutayo sanaigwirebe. Akuti ayambe kaye masamu amene makompyuta amaganizira, moti tebulo langa lodulirapo nsalu ladzaza mapepala a ziro ndi wani.

Vuto ndi mawu akuti "kapena". Ndikafunsa kuti, "Mumwa tiyi kapena madzi?" amati "Inde," n'kumaseka okha. Akuti m'masamu awowo chimodzi chikangokhala choona, yankho ndi inde. Poyamba ndinkaseka nawo.

Tsopano pali mtsikana wa m'kalasi mwawo amene sachedwa kuimba foni, ati amathandizana homuweki. Sabata yatha mtima unandiwawa, ndinaimitsa makina n'kuwafunsa maso ndi maso: "Mumakonda ine kapena mnzanu wa homuwekiyo?" Anati "Inde." Ulendo uno sanaseke.

Ndili ndi mantha kuti banja langa likutha ndikuona. Kodi amenewa ndi masamu kapena chibwenzi?

E.N., telala wapakhonde

Mayi E.N.,

Inde.

Pepani, matendawa ndi opatsirana. Ndinafunsa mphwanga amene amaphunzitsa masamu omwewa, ndipo akuti amuna anu sananame. Kungoti "kapena" wa m'kalasiyo ndi wamtima waukulu: amavomera chimodzi chikakhala choona, amavomeranso zonse ziwiri zikakhala zoona. Gawo lachiwirili bambo anaiwala kukuphunzitsani, eti?

Ndiye lekani kuwapatsa pobisala. Ana akatuluka, khalani nawo pansi, mufunse funso limodzi lopanda mchira: "Mtsikanayo mumamukonda?" Poti amanyadira ziro ndi wani, asankhepo chimodzi: ziro ndiye ayi, wani ndiye inde. Akayamba za "zimatengera", auzeni kuti kompyuta ikamazungulira chonchi timaizimitsa.

Homuwekiyo ibwere pakhomo. Tebulo ndi lanu, mtsikanayo adzakhale pomwepo inu mukupalasa makina. Musamulalatire, mwina mwana wa eni akungofuna kukhoza mayeso.

Bambo akakakamirabe masamu, dikirani abwere ndi njala. Akafunsa kuti, "Chakudya chilipo kapena chatha?" mukudziwa kale yankho.

Koma chenjerani, mayi. "Inde" uja, ngakhale akuwawa, wakhala akukusungirani chiyembekezo. Funso la ziro ndi wani lilibe chifundo chotero. Musalifunse musanadziwe chimene mudzachite akayankha wani.