Gemu ikumachita chibwibwi ndili patsogolo

Aphungu,

Ndine mayi wa imvi zake ndithu, telala wa m'kashopu kena kuseri kwa msika. Musaseke: ndimasewera gemu ya mpikisano wa galimoto pa laputopu, ndipo ndimaitha. Si kudzitama ayi, mukafunse anyamata amene ndawasiya m'fumbi.

Zinayamba chonchi. Mwana wanga wachisamba anapita kutali kukagwira ntchito, ndipo foni zake zinasanduka za "Muli bwanji amayi? Ine ndili bwino," basi wadula. Mtima unkandiwawa, koma ndikanatani? Atabwera kutchuthi anandisiyira laputopu yake yakale, n'kundiikiramo gemu imeneyi mwachipongwe. Akuti, "Mwatopa n'kuponda makina osokera, muzipondako mafuta apa." Ankayesa kuti ndiisiya tsiku lomwelo. Ine osaisiya. Ndinagunda makoma mpaka ndinaphunzira.

Lero tili m'timu imodzi, ine, iyeyo ndi anzake awiri. Loweruka lililonse masana timakumana pa intaneti, mahedifoni ali kumutu. Ananditcha dzina loti Singano, poti ndimabaya pakati pa galimoto ziwiri osakhudza ngakhale imodzi. Ndipotu Aphungu, m'mahedifoni momwemo ndi mmene ndinamupezanso mwana wanga. Akakhala pa chiwongolero amayankhula osadziwa kuti akuyankhula. Za abwana ake ovuta ndinazimvera pa kona, za mtsikana amene akufuna kudzandionetsa ndinazimvera tikuwoloka mlatho.

Ndiye chakudza sichiimba ng'oma. Masabata apitawa gemu yayamba chibwibwi. Timayamba bwinobwino, msewu uli myaa, kenako mwadzidzidzi chithunzi chimayamba kudukizadukiza. Galimoto yaima, yayenda, yaimanso, ndikamati ndikhote ndapezeka kale ndili m'khoma. Mawu a anyamata ndimawamva bwinobwino akukuwa kuti, "Singano, mwatani kodi?" Pakapita kanthawi zimasiya zokha, koma mpikisano utapita kale.

Ndayesa zonse zomwe ndikudziwa. Ndazimitsa n'kuyatsanso. Ndagula bandulo yaikulu poganiza kuti ndi netiweki, foni yomwe imandipatsa intaneti ndaiika mpaka pawindo. Kusamala ndiye musanene: laputopuyo ndinaisokera kakhushoni kofewa, ka thonje m'kati, koti izikhalapo kuti isakandike pa tebulo lodulirapo nsalu. Alamu anga, omwe timagawana nawo shopuyi, akuti vuto ndi ine. Amati, "Makina alibe mlandu, alamu, maso anuwo akalamba." Amanena zimenezi ali kumbuyo kwangaku akusita mayunifolomu a sukulu omwe anapatsidwa kuti asoke mwezi watha, nthunzi ili tolo, ine thukuta lili kamukamu.

Loweruka lapitali ndinali patsogolo pa onse, mzere womalizira ndikuuona ndi maso angawa, chibwibwi chija n'kundigwira. Timu yathu inatsirizira. Anzake atachoka, mwana wanga anati, "Amayi, anzangawa akuti mwina mupumeko kaye. Loweruka likubwerali kuli mpikisano waukulu, ndiye zikachitikanso alowetsa wina." Anayankhula mwaulemu, koma ine ndinalira. Sindikulirira gemu, Aphungu. Ndikachoka m'timu tibwerera ku "muli bwanji, ndili bwino" kuja, ndipo zimenezo sindingazipirirenso. Ndithandizeni msanga.

Ine wanu,
E.N., telala wa kuseri kwa msika

Mayi Singano,

Safunsa anadya phula, inu mwachita bwino kufunsa. Kalata yanu inandipeza Loweruka lili pakhomo, ndiye sindinadikire kuti nyuzi ituluke, ndinakuimbirani foni. Zomwe tinakambirana ndikuzilemba pano kuti ena a vuto lomweli atolepo kanthu, komanso kuti alamu anu adziwerengere okha kuti maso anu alibe mlandu.

Gemu ndi zithunzi zambirimbiri zomwe kompyuta imajambula n'kumazisinthanitsa mofulumira kwambiri, mpaka diso limangoona galimoto ikuthamanga. Kompyuta ikafooka n'kuyamba kujambula zochepa, diso limaona kudukiza. Achinyamata amati mafelemu agwa. Netiweki ikavuta zimaoneka mosiyana: msewu wanu umayenda bwino, koma galimoto za anzanu ndi zomwe zimasowa apa n'kutulukira apo, mawu nawo amaduka. Inu mawu mumawamva bwinobwino pamene chithunzi chonse chikuchita chibwibwi. Bandulo ija munangoigula, wodwala anali laputopu.

Chomwe chinandikoka khutu n'chakuti vutoli limabwera mwadzidzidzi n'kuchoka lokha, ndipo linayamba nthawi yomwe mayunifolomu anafika. Mukukumbukira nditakufunsani kuti, "Kodi simbi ya alamu anuyo imalowa pa soketi iti?" Ndinamva mpando ukukhwekhwerezedwa, kenako mfuu: "Mayo ine! Soketi ndi imodzi, tchaja yanga ili pansi!" Ndinaseka mpaka anzanga mu ofesi anadzandisuzumira.

Nkhani yake ndi imeneyo. Inu maso ali pa msewu, makutu atsekedwa ndi mahedifoni, alamu amazula tchaja mwakachetechete n'kulowetsa simbi. Laputopu ikangotsala pa batire imadzichepetsera mphamvu kuti batirelo lisathe msanga, ndipo choyamba kuvutika ndi gemu. Akamaliza kusita amabwezeretsa tchaja, matenda n'kuchira okha. Musawakalipire, sankadziwa. Itanani wamagetsi akuikireni soketi yachiwiri, ndipo simbi musamaipanikize pamodzi ndi zina pa kachingwe kowonjezera kotchipa, mungaotche shopu. Soketiyo isanaikidwe, gwirizanani kuti Loweruka masana simbi izipuma. Mulowenso pomwe pali chizindikiro cha batire, musankhe zoti makina azigwira ntchito ndi mphamvu zonse akakhala pa magetsi.

Tsono kakhushoni kaja. Ndikukhulupirira kuti n'kokongola, koma kachokepo. Laputopu imapumira kunsi ndi m'mbali, ndiye inu mwaitseka mphuno ndi thonje. Ikatentha imadzibweza yokha liwiro kuti isapse, ndipo chibwibwi chimabwera ngakhale tchaja ili m'malo mwake. Iikeni pa thabwa, muikweze kumbuyo pang'ono kuti mpweya uzidutsa. M'shopu ya telala mumauluka fumbi la nsalu ndi tiulusi, ndipo fani yoziziritsa m'kati mwa laputopu imakoka zonsezo. Muzimitse, muzule tchaja, mupukute timabowo topumira ndi kaburashi kofewa kouma. Kakhushoniko muzikhalira ndinu.

Zinazi ndi zing'onozing'ono koma zimaluma. Musanayambe mpikisano tsekani mapulogalamu ena onse, makamaka masamba a intaneti omwe mumaonerapo masitayilo a madiresi. Ngati laputopu ikufuna kudzikonza ndi zatsopano zochokera pa intaneti, ipatseni mpata Lachisanu, isadzayambe zimenezo muli pa kona. M'gemu momwemo muli malo osinthira maonekedwe. Chepetsani mithunzi ndi kunyezimira kwa galimoto, palibe amene anapambanapo chifukwa cha mthunzi wokongola. Gemu zambiri zilinso ndi kanambala kosonyeza mafelemu pakona ya sikirini. Kayatseni kuti muzidziwa nthawi yeniyeni yomwe agwa, n'kuyang'ana chomwe chasintha m'chipindamo. Kwa owerenga ena ndikuti: sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenako china. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mukasintha zonse pakamodzi simudzadziwa chomwe chinakuchizani.

Zotsatira zake mukuzidziwa kuposa ine. Loweruka chakumadzulo foni yanga inalira, ndipo ndisananene n'komwe kuti halo munali mukukuwa kale: "Aphungu, ndawasiya! Onse ndawasiya! Msewu unali myaa mpaka kumapeto!" Kumbuyoko ndinkamva alamu anu, omwe aja a maso okalamba, akuwomba m'manja n'kumauza odutsa m'njira kuti, "Bwerani mudzaone, mlamu wanga ameneyu!" Timu yanu inatenga chikho, inu woyamba, mwana wanu wachitatu. Anzake aja omwe ankafuna kuti mupume akuti anayamba kukanirana kuti ananena ndani. Ine ndakalamba ndi ntchito yoyankha makalata a misozi, koma tsiku limenelo ndinavina ndekha pakhonde.

Ndikuchenjezeni ziwiri. Chibwibwi chikadzabweranso mutachita zonsezi, musatenge sizasi kapena sikuludiraiva ya makina osokera n'kuyamba kutsegula laputopu. Pitani nayo kwa okonza makompyuta akaitsuke m'kati, akaonenso fani ndi tchaja ngati zili bwino.

Chachiwiri n'chachikulu. Munandiuza kuti tsiku lomwe munapambanalo mwana wanu anatsala m'mahedifoni anzake atachoka, n'kunena kuti, "Amayi, izi sindingazivomere. Loweruka likubwerali tipikisane awiriwiri, ine ndi inu basi." Ndipo munandifunsa ngati si bwino kumusiyira dala kuti apambane, poti ndi mwana ndipo angachite manyazi. Ayi, mayi, musayerekeze. Akadzazindikira kuti mukumunyengerera, gemu imeneyi idzasiya kumukomera. Pondani mafuta mpaka pansi. Mwana amene wagonja kwa mayi ake sagona tulo, amaimbanso foni kupempha Loweruka lina.

Aphungu