Mthiko Wanu pa Chithunzi cha Atate

Amayi, kumeneko muliko bwanji? Kodi khutu lanu lakumanzere lija layamba kumva tsopano?

Kuno ku Chinyunyu tilipo. Ndinabereka mwana wamkazi, ndinamutcha dzina lanu, ndipo pakulira palibe womuposa m'mudzi muno. Chimanga chachita bwino, koma nshawa anyani atithandiza kukolola. Paja munkati wolima m'mbali mwa phiri amalimira mabanja awiri.

Nkhani yaikulu ndi ya atate. Atchuka kuposa kale. M'minibasi ya ku Rufunsa aliyense ali ndi filimu yawo pafoni, ija amathamangitsidwa ndi mkazi wonyamula mthiko. Anthu amaseka mpaka misozi. Ine ndimayang'ana pawindo, chifukwa ndikudziwa amene ankagwira mthiko kunyumba kwathu.

Sabata yatha anabwera ndi mtsikana wojambula wa ku Lusaka, ati akufuna chithunzi cha iwo ndi ana awo cholengezera filimu yatsopano. Anatiimika pansi pa mtengo wa mango, ine ndi mlongo wanga Dalitso, iwo atakhala pampando wanu. Wojambulayo alibe mlandu, mwana wa eni ake. Anangoti chithunzicho sichikuseketsa, tichite za m'filimu: mwana akweze mthiko pamwamba pa mutu wa atate, iwo achite ngati akuopa. Analowa m'khitchini n'kutuluka ndi mthiko wanu uja wothyoka nsonga. Inu mukudziwa pamene unathyokera.

Anaupereka kwa Dalitso. Iye anaukweza pamwamba pa mutu wa atate. Atate anatong'ola maso n'kukuwa ndi kamawu kawo ka m'filimu, "Mayo ine, ndafa!" Anthu amene anasonkhana anaseka. Mthiko unatsika. Koyamba pakhutu, kachiwiri pakamwa, kwinako sindinawerenge. Mano awiri anagwera m'fumbi, magazi ananyowetsa shati yoyera, anthu akusekabe poganiza kuti ndi utoto. Ine ndinali pafupi, koma sindinamugwire msanga Dalitso. Izi ndikuulula kwa inu nokha.

Dalitso anagona m'selo ku Rufunsa masiku atatu, mkazi wake ali ndi pakati potopa. Atate anatumiza uthenga kuti mlandu authetsa ngati ine nditakanena kupolisi kuti linali sewero, dzanja linangoterereka. Si chifundo ayi, akuopa kuti dziko lingafunse chimene mwana anamenyera bambo wake.

Mukukumbukira, anansi akamva kukuwa n'kubwera kudzafunsa, munkati, "Atate awo amayeserera sewero." Ndinkakukwiyirani koopsa chifukwa cha mawu amenewo. Ndinalumbira kuti sadzatuluka pakamwa panga. Lachinayi ndinaima pamaso pa wapolisi, mwana ali kumbuyo, ndipo ndinawanena osaphethira. Wapolisiyo anaseka, n'kupempha kuti ajambulitse ndi atate. Dalitso anatuluka madzulo omwewo, dzulo anali kudimba kuthirira tomato.

Tsopano ndadziwa kuti bodza lija munkatchinjiriza nalo ife. Ndikhululukireni, Amayi.

Wojambula uja ananditumizira mwamseri chithunzi chimodzi, mthiko uli m'mwamba, atate akuopa zenizeni. Ndachisunga. Mdzukulu wanu akadzakula ndidzamuonetsa, ndipo ndikulonjeza kuti kwa iye sindidzanena kuti linali sewero.

Ndimakukondani kwambiri.

Ine mwana wanu,
Enelesi