Nyama za Kuseri kwa Labu

Okondedwa Achemwali,

Ndikulemba ndi dzanja la matuza, ndiye mukhululuke ngati zilembo zikupendama. Muli bwanji inu ndi alamu? Nanga mwendo wa Amayi, kutupa kuja kunaphwa? Musandibise kanthu, chifukwa foni yanu sikupezeka sabata yachiwiri ino, ndipo ine ndayamba kale kuganiza zoipa. Kuno thupi lili bwino, koma mtima uli m'malere.

Ntchito yanga yotchetcha ndi kusesa pasukulu pano yagwedezeka. Chaigwedeza si kuba kapena mowa ayi, koma nyerere.

Teremu ino kunabwera mphunzitsi watsopano wa sayansi. Ana amamutcha a Mabotolo, poti amayenda ndi chikwama chodzaza mabotolo opanda kanthu. Bambo wamkulu, wa tayi, wa ndevu zake, koma mukamupeza ali chogwada padothi, mbuyo m'mwamba, akusuzumira chitosi cha buluzi ndi kagalasi. Anzake amalemba pa bolodi, ana n'kukopera, n'kukhoza mayeso. Iye akuti bolodi silipuma, ana azikaona zamoyo kumene zimakhala. Ndiye ana makumi asanu amatuluka ndi makope, kupondaponda maluwa anga, kugubuduza njerwa zimene ndinandandalika m'mbali mwa njira, ati akuwerenga miyendo. Cha miyendo isanu ndi umodzi gulu lake, cha isanu ndi itatu gulu lake, chopanda miyendo gulu lakenso. Kholo kuvutika kugula yunifolomu kuti mwana azikawerenga miyendo ya kangaude.

Mwana wanga wachisamba uja ali m'kalasi momwemo, Fomu 2. Naye zinamulowa. Amabwera kunyumba mawondo ali mbuu, n'kumandiuza kuti bowa si chomera ndipo mleme si mbalame. Ndinangomusiya, poti mwana sumukaniza za aphunzitsi ake.

Vuto linayambira kuseri kwa labu. Kumeneko a Mabotolo anakhoma zikhomo zinayi n'kuzinga ndi chingwe malo a udzu wofika m'chiuno. Tsiku lina akudutsa mothamanga anandiuza kuti ndisalowemo ndi chikwakwa chifukwa muli nyama zambiri. Anangonena zomwezo n'kupita.

Inu mumandidziwa. Ndinayamba kulingalira kuti ndi nyama yanji ingakhale mu udzu wotero, pafupi ndi zimbudzi za atsikana. Ndinati ndi makoswe, ndipo pali khoswe njoka sikhala kutali. Ndinaona m'maganizo mwana wa eni atalumidwa, ndi ahedi akufunsa kuti wotchetcha amalandira malipiro a chiyani. Chakudya sichinalowe masiku awiri. Loweruka m'mawa ndinanola chikwakwa, ndinatchetcha monse, ndinasonkhanitsa udzuwo n'kuyatsa. Sindinapezemo ngakhale kambewa, ndipo ndinathokoza Mulungu.

Lolemba a Mabotolo anafika ndi ana awo, n'kuika manja kumutu ngati pamaliro. Akuti ndawotcha ntchito ya masabata atatu, ndipo malikisi a ana a teremu ino anali mu udzuwo. Ndinawafunsa mwaulemu kuti nyama ankanenazo zinali kuti. Anati nkhono ndi nyama, chiswe ndi nyama, nyongolotsi nayo ndi nyama. Ndinati kwathu zimenezo ndi tizilombo, nyama ndi ija timasenda chikopa. Pamenepo anandiuza, ana onse akumva, kuti inenso ndine nyama, gulu limodzi ndi mleme ndi khoswe, poti tonse tinayamwa. Ana anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ndinayankha kuti Amayi anga sanayamwitsepo khoswe, ndipo ngati kwawo zimachitika ndi za kwawo.

Nkhaniyo inawanda msanga. Alonda a pageti tsopano amandifunsa ngati ndadzuka bwino m'khola. Amayi ophika okha ndiwo ali mbali yanga. Akuti tsiku lina adzawapakulira a Mabotolo mbale ya nkhono, aone ngati adzathokoze kuti lero kuli nyama.

Lachiwiri anandiitana ku ofesi. Mukumbuke kuti ndili kale ndi kalata imodzi yondichenjeza, ya tsiku lija ndinaiwala kutseka mpopi wa thanki. Yachiwiri ndiye kulongedza. Ndikachoka, kachipinda tikukhalaka katha, ndipo mwanayu malo ake pasukulu pano anawapeza chifukwa cha ntchito yanga. 

Ahedi anandifunsa kuti ndinaonamo chiyani potchetcha. Ndinati munalibe kanthu, koma tizilombo wamba: nunkhadala, tsokonombwe awiri, chiswamphika, abongololo pansi pa chipika, nkhululu, ndi nankalizi mmodzi amene ndinamuponda. Ndikutchula choncho, ndinaona a Mabotolo atulutsa cholembera. Anandifunsa kuti nunkhadala ndi chiti. Munthu wa madigiri, woyankhula chinenero chathu chomwechi, osadziwa nunkhadala. Ndinawauza kuti akamugwire ndi dzanja, mphuno idzawaphunzitsa.

Mapeto ake, iwo omwewo ndiwo anapempha ahedi kuti asandipatse kalata. Musawayamikire, akufuna kukolola m'munda mwanga. Anagamula kuti ndibwezeretse tchire lija, ndipo Lachisanu la sabata ya mawa ndikaime pamaso pa ana, chilichonse chimene apeze ndizitchula dzina lake la kwathu, iwo azilemba pambali pa la m'buku. Ahedi anandionetsa kalatayo, yotayipa kale, n'kuibweza mu dirowa. Akuti ntchito ya ana ikatheka adzaing'amba, ikalephereka adzasaina.

Ndiye mlongo wanu, amene analembedwa ntchito yozula udzu, tsopano akuthirira udzu m'mawa ndi madzulo. Ndikututa zipika zowola ndi masamba pa wilibala, kuyalira tizilombo pogona ngati alendo aulemu. Matuza aja achokera pamenepo. Ndikuda nkhawa kuti mwina sitibwera, poti pamene panapsa ndi moto ngakhale nyerere imakumbukira.

Chondiwawa koposa ndi mwanayu. M'kope mwake anali atajambula tizilombo khumi ndi tisanu ndi tinayi, kalikonse ndi tsiku lake. Masiku anayi sanandiyankhule. Amangondiikira madzi osamba n'kutuluka.

Dzulo masana anabwera ndikutsuka khasu, atanyamula mchenga pa chivindikiro cha botolo. Anaupeza m'munsi mwa khoma la labu, pamene moto sunafike. Mumchengamo munali kachilombo kaja kotuwa, kokhala ndi timano ngati mbano, kamene kamakumba kadzenje kozungulira n'kubisala pansi kudikira nyerere, ndipo kamayenda chambuyo. Anandifunsa kuti kwathu timakatcha chiyani. Awa anali mawu ake oyamba kwa ine chichitikireni zija.

Achemwali, ndinatsegula pakamwa, dzina osabwera. Ine ndi inu tinkakafukula ndi kaudzu kuseri kwa nyumba tili ana, tikukaimbira kanyimbo kuti katuluke. Zaka za m'tauni zandidyera dzinalo. Ndinamunamiza kuti ndimuuza ndikamaliza ntchito. A Mabotolo ali nalo lawo la m'buku, lalitali ngati payipi yothirira maluwa, ndipo analitchula monyada ngati anakalenga ndi iwo. Ndafunsa alonda, ndafunsa amayi ophika, onse akuti amangokadziwa ndi maso.

Pempho langa ndi limodzi. Ndilembereni dzina la kachilomboko, mupatse kondakitala yemweyu wabweretsa kalatayi, lifike Lachisanu lisanakwane. Ngati mwaiwala, funsani Amayi kapena amalume, koma musawauze za kalata ya mu dirowa, angadwale nazo. Kuseka kwa ana makumi asanu ndinakupirira kale. Chimene sindingapirire n'chakuti mwana wanga alembe dzina la a Mabotolo, pambali pake, pamene payenera kukhala la bambo ake, asiye mpata.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti asamayende kwambiri ndi mwendowo. Moni kwa alamu, amalume ndi azakhali, ndi ana onse. Mwanayu akuti ndikupatseni moni, ndipo wati ngati kanyimbo kaja mukukakumbukira mulembenso.

Ine mlongo wanu,
uja munkamutcha Tsokonombwe