Pingi ya Folo Koloko

Lolemba, 13 Januwale

Yachitanso. Tili pakati pa gemu, ndabisala pakona kudikira mdani, basi chithunzi chauma gwa. Pomwe chimabwerera ndinali nditafa kale. Pingi yanga imakhala pa 55, poti seva ya gemuyi ili ku Sydney ndipo Perth kuno ndi kumathero kwa dziko. Lero inalumpha mpaka 900, kenako n'kutsika yokha ngati palibe chachitika. Sabata yachiwiri ino.

Suwilanji, kaputeni wathu, sanazungulire. “Iwe Philo, ni chani futi? Pa Saturday ni qualifier. Ngati siukonza, nizangenesa Leah.”

Leah! Amene ndinamuphunzitsa ine kugwira mfuti mu gemuyi. Timuyi tinaiyambitsa awiri, ine ndi Suwilanji. Zinthu zosamaliza ndili nazo zokwana. Iyi yokha ayi.

Lachiwiri, 14 Januwale

Nditaweruka ku Welshpool, msana ukuwawa ndi makatoni, ndinathimitsa rauta ya intaneti n'kuyatsanso. Ndinatseka chilichonse chomwe chimatsitsa zinthu pa kompyuta. Ndinaimbira akampani ya intaneti, iwo akuti kwawo zonse zili bwino, kodi ndayesapo kuthimitsa n'kuyatsanso? Zaka ziwiri za makompyuta ku yunivesite ku Crawley, ndisanasiyire panjira, kuti ndidzafunsidwe zimenezo.

Itangodutsa folo koloko, yalumphanso. Anzanga akum'mawa amayamba akaweruka, koma kwawoko nthawi ili patsogolo, ndiye kwa ine imakhala folo, dzuwa likuphulitsa denga.

M'nyumba muno muli kusala kudya kwa masabata atatu, kwa mpingo wonse, ndipo amamasula sikisi. Akutsogolera ndi alamu a Hopewell, mkulu wa mpingo, mwamuna wa asisi Felesta. Ine sindisala, aliyense akudziwa. Patebulo asisi anafunsa kuti pingi n'chiyani. Ndinati ndi nthawi imene batani langa limatenga kukafika ku Sydney n'kubwerako.

Alamu: “Mwina nayonso yatengera mwini wake. Imatembenukira panjira isanafike.”

Anaseka okha. Ndinameza mpunga ndi mawu pamodzi. Chipinda ndi chawo.

Lachitatu, 15 Januwale

Ndinkaganiza kuti ndi maulaliki omwe asisi amaonera pa foni. Koma folo koloko asisi amakhala akadali kuntchito, kosamalira okalamba. Pakhomo timakhala awiri, ine ndi alamu, ndipo iwo amadzitsekera m'galaja. Amati ndiko kuphiri kwawo kopempherera. Foni amaisiya pa tebulo, ndaiona.

Lero ndinayeza pawiri: pingi yopita ku Sydney ndi pingi yongofika pa rauta ya pabalaza. Zinalumpha limodzi. Ndiye kuti si kampani, si Sydney. Vuto lili m'nyumba muno, pakati pa chipinda changa ndi pabalaza. Rauta imatulutsa waifai ziwiri: yothamanga ija siboola makoma a njerwa ziwiriziwiri awa, ndimadalira yakale yofooka ija, ndipo chinachake chikuisokoneza.

Mankhwala ake ndi chingwe basi, kuchoka pa rauta mpaka kwanga. Ndili nacho kale. Asisi akana: Loweruka kubwera anthu a mapemphero, azimayi akuluakulu, wina akakodwa n'kugwa ndilipira ndine? Alamu anangowonjezera kuti nyumba ya mkulu wa mpingo siyala chingwe cha masewera owomberana.

Suwilanji watumiza uthenga: “Leah ali ready.”

Lachinayi, 16 Januwale

Sindinasewere. Ndinawauza kuti ayesere opanda ine, ndipo ndinamva kuti alowetsa ndani. Ndinatenga laputopu, manambala akuyenda, n'kuima m'kanjira kopita pabalaza ngati mlonda.

Inalumpha. Nthawi yomweyo ndinamva kulira kwapansipansi kuseri kwa khoma la galaja, hmmmm. Kenako kabelu, ting! Pingi n'kutsika.

Ndinakankha chitseko osagogoda. Alamu ali chiimire pafupi ndi maikolowevu yakale ija tinkati inafa, m'manja kabakuli ka mpunga ndi nyemba, nthunzi ikufuka. Baibulo lili pa firiji ya nyama, lotseka. Maikolowevu yotha ngati imeneyo imaphokosera waifai yakale, tinaphunzira chaka choyamba. Chimodzi mwa zaka zomwe ndinamaliza.

Mawu anali okonzeka kale palilime: Kani nanunso mumatembenukira panjira?

Koma ndinaona dzanja lawo. Supuni imagunda bakuli yokha. Pambali panali kapaketi ka mapiritsi.

“Tseka chitseko, mlamu,” anatero. “Shuga uja sanathe.”

Chaka chatha anaima kutsogolo kwa mpingo wonse kupereka umboni kuti achiritsidwa. Asisi analira, anthu anavina. Ine ndinali kumbuyo, ndikudikira tiyi.

“Adokotala akuti mankhwalawa osamwa m'mimba muli pululu. Ndimayesetsa kufika sikisi, koma ikamakwana folo maso amachita mdima. Asisi ako sakudziwa.”

Ndinangoti, “Mukundiphetsa, alamu. Tsiku lililonse mukatenthetsa nyembazi ine ndimafa.” Sanamve, kapena anamva zina. Ndinatuluka.

Lachisanu, 17 Januwale

Tsiku lonse kuntchito ndimakonza chiganizo chokanena patebulo. Chinatuluka chokoma, chakuthwa mbali zonse. Ndikanachinena pamaso pa asisi, za Crawley sizikanatchulidwanso m'nyumba muno.

Folo koloko pingi sinasunthe. Galaja zii. M'malo mosangalala ndimangotchera khutu kukhoma, mpaka Suwilanji anakalipa kuti ndikuwombera mitengo. Kodi adya zozizira, kapena sanadye n'komwe?

Patebulo asisi: “Nanga Philo, chimakuvuta chija wachipeza?”

Alamu anasiya kutafuna.

Ndinawasiya adikire pang'ono. Ndine munthu, si mngelo. Kenako ndinati, “Ndi makoma, asisi. Pakufunika chingwe.”

“Chingwecho chiikidwe,” anatero alamu msangamsanga. “Ndichikhomerera ndekha m'mbali mwa khoma, palibe akodwe.”

Asisi anayang'ana amuna awo, n'kuyang'ana ine. “Inu awiri mwayamba liti kugwirizana?”

Ndikutsuka mbale alamu anabwera kudzathokoza. Ndinati zikomoyo asunge, koma asisi awauze okha sabata ino isanathe, apo ayi ndiwauza ndine, ndipo ine sindisankha mawu. Akadzagwa m'galaja muja wowapeza ndi ine.

Loweruka, 18 Januwale

M'mawa alamu anakwawa ndi maondo kanjira konse, akukhoma timisomali. Mkulu wa mpingo wagwadira chingwe cha masewera owomberana. Sindinanene kanthu, ndipo ndikufuna zilembedwe kuti sindinanene.

Pingi 48. Yosagwedezeka. Ndinamutumizira Suwilanji chithunzi, iye akuti, “Tizaona pa four.”

Masana anthu a mapemphero anadzaza pabalaza, mipando ina anakaitenga m'galaja n'kusiya chitseko pululu, ana akulowa ndi kutuluka. Phiri latsekedwa, alamu alibe kodyera. Nditapita kukatunga madzi gemu ili pafupi kuyamba, ndinawaona alamu akutsogolera nyimbo, nkhope yatuwa, thukuta lili kamukamu, dzanja lina lagwira mpando. Asisi pambali pawo, maso otseka, manja m'mwamba.

Ndinabwerera kuchipinda. Suwilanji akuitana mayina, aliyense ayankhe. Ndinavula mahedifoni.

Ndinaima pakhomo la pabalaza n'kukuwa pamwamba pa nyimbo: “Alamu! Chingwe chanu chija chazuka. Ntchito yanji yosamaliza imeneyi? Tabwerani muone.”

Azimayi anandiyang'ana monga amandiyang'anira masiku onse. Alamu anandilondola. Nditatseka chitseko ndinawalozera pabedi: buledi, chiponde, botolo la juwisi. M'chipinda cha wosasala chakudya sichidabwitsa munthu.

Ndinavalanso mahedifoni. Raundi yoyamba ndinagwetsa atatu. Yachiwiri, awiri. Pingi ili phee.

“Iyo ndiye Philo!” Suwilanji anakuwa. “Leah, nkala pansi uonelele. Koma imwe, nindani atafuna pa mic?”

Ndinacheuka. Alamu, buledi m'kamwa, maso ali pa sikirini, akuloza ndi chala chomwe chinali chitasiya kunjenjemera.

“Kumanzere, mlamu,” ananong'ona. “Wina wabisala kumanzere.”