Tambala wa m'Makope Anga

Lusaka, 14 Ogasiti 1978

Okondedwa achemwali a Lusiya,

Muli bwanji kumeneko ku Nachisaka, pamodzi ndi alamu ndi ana? Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Ine ndili moyo, koma mtima suli m'malo. Kalatayi ndapatsira a Isake oyendetsa lole aja, pakuti za ku positi zimafika zitatsegulidwa.

Zakwana zaka khumi ndi zisanu ndikujambula zithunzi zoyenda za ana pa wailesi ya kanema kuno. Inu mumaseka kuti bambo wa imvi akudyera zidole. Sekani, koma kuti nkhuku iponye phazi kamodzi ndimaijambula kakhumi ndi kawiri, ndipo pano ndikutsogolera anzanga asanu.

Mwezi watha tinaonetsa kanema wa tambala wakuda wokalamba amene amalira dzuwa litatuluka kale, nkhuku zonse n'kumamuseka. Pomujambula, ine ndinkakumbuka tambala wakuda wa malemu amayi, wotijompha uja. Zoti tambala wakuda ndi chizindikiro cha chipani sizinandibwerere n'komwe, Mulungu ndi mboni. Koma wina wakwathu anaonera n'kukanena. A Isake akuti amuna awiri ovala masuti afika kale pa boma la Dowa, akufunsa mudzi wa Gregorio wojambula.

Ine ndili kutali, sangandigwire. Koma inu ndende ya Dzaleka muli nayo pakhomo. Ndili ndi mantha kwambiri.

Pempho langa ndi limodzi. M'bokosi la chitsulo la abambo muli makope anga akusukulu. Tambala yemweyo ali pafupifupi patsamba lililonse, dzina la banja lathu lili pansi pake. Otchani onse lero lomwe, phulusa mukakwirire m'munda wa fodya.

Ndikudziwa kuti pa kope lofiira dzanja lidzakana. Mmenemo ndi mmene muli amayi atakhala pakhonde, chithunzi chawo chokhacho padziko pano. Kudula sikungatheke, tambalayo ali pamiyendo pawo ndipo amugwira ndi manja onse. Muitane ana awayang'ane bwinobwino, inunso muwayang'ane, kenako muike pamoto. Musandidalire kuti ndidzajambula china. Ndayesa kanayi sabata ino, nkhope yawo sikubwera.

Moni kwa alamu, kwa amalume ku Bowe, ndi kwa Susana ndi azing'ono ake. Wina akafunsa, munene kuti ndinasiya kalekale kukulemberani.

Ndine mlongo wanu wokupalamulirani,
Gregorio