Dothi Lomwe Linayaka ku Dimba la Amayi

Mitundu
14 Januwale, 2024

Okondedwa achimwene a Patson,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno matupi ali bwino, koma ine ndatopa nanu.

Paja mu Ogasiti munaimba foni katatu kuti bango la m'mphepete mwa dimba la amayi likungotha malo, tilidule, tikumbe ngalande, tidzale tomato wambiri. Ndinakukumbutsani kuti malemu bambo sankalola munthu kulikhudza. Munati, "Idesi, iwe umakonda zachikale." Alamu anu a Gilibati anamvera inu, osati ine mkazi wawo.

Bango linadulidwa, madzi anaphwa. Pokumba ngalandeyo tinapeza dothi lakuda bii mpaka m'chiuno, lodzaza timizu, timitengo ndi masamba osaola bwinobwino. Alangizi a zaulimi atafika anagwira mutu. Anati, "Mayi, mtsinje ukasefukira, bango limachedwetsa madzi, ndiye mapesi ndi matope ochokera kumtunda zimakhazikika pano. Pansi ponyowa zimaola pang'onopang'ono. Izi zaunjikana zaka zambirimbiri, ndizo chonde chanu. Mwaziumitsiranji?"

Ndikanayankha kuti chiyani? Kuti tinauzidwa pafoni?

Tsopano ndiulule zanga. Mu Okutobala ndinayatsa bango louma lija kuti ndilambule msanga. Ndine ndinayatsa, ngakhale a Gilibati akuuza anthu kuti anali iwo. Moto unazima pamwamba koma unalowa pansi. Dothi linafuka utsi masiku asanu ndi anayi, ife tikuthamanga ndi ndowa ngati amisala. Mvula ya pa Khirisimasi itagwa, panalibe chogwira madzi. Anakokolola zonse, n'kutisiyira mchenga wokhawokha.

Amayi sakudziwa, mwendo sukuwalola kutsetsereka kudambo. Dzulo anafunsa, "Kodi mondokwa wachedwa bwanji chaka chino?" Ndinanama kuti mbewu inali yoipa.

Musatumize feteleza, ndiponso nzeru zanu zapafoni zikwane. Tayamba kuwokera mizu ya bango yopempha kwa anzathu akumunsi, koma alangizi akuti dothi lotere mwina odzaliona ndi zidzukulu. Ndikupempha chimodzi chokha: Lamlungu muimbe, muwauze amayi mbali yanu ndi pakamwa panu. Yanga ndiwauza Loweruka.

A Gilibati akupereka moni, ngakhale mowerama. Amayi akuti muzivala zofunda, ndipo aletsa aliyense kudula nzimbe za pakona ya dimba mpaka inu mutabwera. Nzimbezo kulibe, achimwene.

Ndine mlongo wanu,
Idesi