Msakamadzi wa a Chitemwa

Area 43, Lilongwe
9 Okutobala 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti mwendo uja unasiya kukuvutani. Ine kuno ndili bwino, koma pali zimene ndakhala ndikukubisirani.

Paja mukudziwa kuti ndimasamalira a Chitemwa, mphunzitsi wopuma uja amene anafa ziwalo mbali imodzi. Miyezi itatu yoyamba sankalankhula ndi munthu, phala ankangolikankha. Mwana wawo, a Lizzie, anandiuza kuti zikapitirira choncho awatengera ku Blantyre, ine ntchito ithere pomwepo. Sindinakuuzeni, ndinkaopa kukudandaulitsani.

Tsiku lina ndikupukuta pashelefu ndinagwetsa kope lakale. Munali zithunzi za zomera zoti kulibe padziko pano. A Chitemwa ankazipeka okha, poganizira mmene dziko lidzakhalire zaka mamiliyoni zikubwerazo mvula itasowa. Chomera china anachitcha msakamadzi. Analembamo kuti ndi mdzukulu wa mbatata, waukulu ngati mtengo wogona pansi. Umamera mizu kutsogolo n'kumauma kumbuyo, motero umakwawa kulondola chinyezi, mikono iwiri pachaka.

Ndinaseka n'kunena kuti, "Abambo, ichi chingafe. Masamba aakulu chonchi padzuwa? Kholowa wa kudimba kwa amayi anga amafota mwezi uno."

Anandiyang'anitsitsa. Kenako, lilime likulemera, anati, "Nanga... iwe... ungatani?"

Amayi, beseni limene ndinanyamula linatsala pang'ono kundipulumuka! Ndinati masamba akhale aang'ono, aubweya, azipindika masana. Za kupindikazo anakana. Tinatsutsana mpaka phala linazizira, ndipo analidya lozizira lomwelo.

Kuyambira pamenepo ine ndimajambula, iwo amandipanikiza ndi mafunso. A Lizzie atabwera anawapeza akundikalipira chifukwa ndinaiwala tizilombo tonyamula mungu wa msakamadzi. Anaima pakhomo misozi ili mbwembwembwe. Za ku Blantyre sanazitchulenso.

Tsono nayi nkhani yovuta. A Chitemwa akuti mutu wangawu ndi wa sayansi, ndipo masana aliwonse akundiphunzitsa kuti ndilembenso mayeso a Fomu 4 aja ndinalephera. Ndinavomera osakufunsani, mundikhululukire. Ndiye kuti ukwati wanga ndi a Nebert suchitika Disembala uno. A Nebertwo nditawauza anati, "Ndidikira, koma amayi ako uwauze wekha." Ndi uku ndakuuzani.

Chonde mundilankhulire kwa amalume, inu amakumverani.

Moni kwa ana onse. Achemwali anga a Mwawi, ndikudziwa kuti ndinu mukuwawerengera amayi kalatayi. Musadumphe mzere, ndipo mundiuze mmene nkhope yawo inaonekera. Amayi, moni wanu sindiulemba pano, ndidzaupereka ndekha pa Khirisimasi nditagwada pakhonde panu. Mukakhala kuti mwakwiya, mudzandikalipire ndili pomwepo, bola mudzanditsegulire chitseko.

Ndine mwana wanu,
Marcelina